Chotupa cha m'chifuwa chatseka mtsempha, nkhope yatupa: kanyama kokapima kachotsedwe mwa njira iti?

Ndagwira ntchito kumbali ya ogonetsa odwala ku fiyeta kwa zaka ndithu, ndipo pali odwala a mtundu umodzi omwe akangolembedwa pa listi ya mawa ine usiku umenewo sindigona bwino. Ndi aja obwera nkhope ili yotupa, zikope zolemera makamaka m'mawa, khosi lonenepa mpaka batani la shati osatsekeka, misempha ya pachifuwa itatuluka ngati mizu ya kachere. Mukamuuza kuti agone chagada akukana, akuti mpweya ukumuthawa, usiku onse amachezera atakhala atatsamira mapilo kapena chikwama cha gadiyani.

Chimachitika ndi ichi. Magazi onse ochokera kumutu, m'khosi ndi m'mikono amabwerera ku mtima kudzera mu mtsempha umodzi waukulu, madokotala amautcha superior vena cava. Ndi waufupi, masentimita ngati 7 basi, uli chakumanja kuseri kwa fupa la pachifuwa, khoma lake ndi lopyapyala komanso magazi ake sayenda ndi mphamvu, ndiye chotupa chikamera pambali pake chimangoufinya ngati paipi ya kudimba yopondedwa ndi tayala la ngolo. Magazi amadzadza kumtunda, nkhope ndi kutupa. Woyamba kulemba za vutoli anali William Hunter mu 1757, ndipo wodwala wake chinayambitsa chinali chindoko chomwe chinafufumitsa mtsempha wina wapafupi. Masiku ano ambiri ndi khansa: ya m'mapapo ndiye ikutsogola makamaka kwa akuluakulu osuta fodya, kenako lymphoma, khansa ya anabere, yomwe imakonda ana, achinyamata ndi anzathu omwe ali ndi HIV, palinso thymoma, chotupa cha kachiwalo kotchedwa thymus komwe kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndi zotupa zija amati germ cell zomwe zimagwira kwambiri anyamata. Kwathu kuno osaiwala TB, nayo imatupitsa anabere a m'chifuwa.

Abale akaona munthu akubanika chonchi funso lawo limakhala limodzi, bwanji osangomupatsa mankhwala? Ndimawamvetsa kwambiri. Koma matenda ndatchulawa pa ekisile amafanana pomwe mankhwala ake ndi osiyana kutalitali, TB ili ndi mapilisi ake a miyezi 6 kapena kuposa, lymphoma ili ndi kemo wake ndipo nayonso ili mitundumitundu, khansa ya m'mapapo ya small cell ili ndi kemo wina, thymoma nthawi zambiri imafuna mpeni. Ndiye pamafunika kudula kanyama pa chotupacho kakaonedwe ku labu, ndi bayopsi imeneyo. Njira zodulira zilipo zingapo ndipo fomu yovomereza mudzasayina ndinu, bola musayine mukudziwa chomwe mukuvomera.

Zoyang'ana posankha

Choyamba kwa ine, mwina chifukwa cha ntchito yanga, ndi funso loti kodi njirayo ikufuna kumugonetsa tulo tofa nato munthuyo kapena jakisoni wa dzanzi akwana. Apa ndi pomwe pali imfa. Chotupa chofinya mtsempha nthawi zambiri chimakhala chikufinyanso kholingo ngakhale mtima umene. Munthu akakhala maso minofu ya pachifuwa imagwira ntchito, amadzisankhira kakhalidwe komwe mpweya ukudutsa. Mukamugoneka chagada ndi kumupatsa mankhwala ofooketsa minofu, chotupa chija chimagwera pa njira ya mpweya ndi pa misempha, ndipo pena ngakhale mutalowetsa chubu kukhosi mpweya sudutsa chifukwa pofinyika pali mmunsi mwa pomwe chubu chathera. Pa sikani ya CT kholingo likaoneka kuti lachepa kupitirira theka, kapena munthu sangagone chagada olo mphindi zochepa, ameneyo kumugonetsa ndi kusewera paulimbo. Kwa ana ndiye zoopsa kwambiri poti kholingo lawo ndi lofewa.

Chachiwiri, kanyama kakhala kokwanira? Khansa ya m'mapapo imadziwika ngakhale ndi timaselo tochepa, koma lymphoma ndi yovuta, a ku labu amafuna aone mmene nyama yonse yayalidwira kenako apake mankhwala apadera oti adziwe mtundu wake. Hodgkin, mtundu wina wa lymphoma, ndiye yovutitsitsa chifukwa maselo a khansa amakhala apo ndi apo mkati mwa nyama yolimba ngati chipsera. Njira yofewa yomwe ikubweretsereni pepala loti kanyama kanachepa ndiye kuti mwataya masabata.

Chachitatu ndi pomwe chotupa chili, kutsogolo chogunda khoma la chifuwa kapena mkati pambali pa kholingo. Izi zimaoneka pa CT, ndipo popanda CT dokotala amakhala akuyenda mumdima. Kenako pakubwera mtengo, kupezeka kwa makina ndi munthu odziwa kuwagwiritsa ntchito, ndi chisamaliro cha pambuyo.

Pali nkhani ina yomwe ndiyenera kuiika pompano chifukwa imaononga njira zonse mofanana, nkhani ya prednisolone ndi dexamethasone, mankhwala ophwetsa kutupa aja amati ma steroid. Ndikukumbuka mnyamata wina wa zaka za m'ma 20, anali atamwa mankhwala a TB miyezi itatu osasintha, makhololo ake sanapezeke ndi TB koma anangomuyambitsa poona ekisile. Nkhope itayamba kutupa anapita pa kachipatala kena komwe anamupatsa prednisolone, masiku ochepa nkhope inaphwa, amayi ake anasangalala kuti mwana wachira. Atafika kwa ife tinadula kanyama bwinobwino, koma zotsatira zinabwera zoti maselo ndi akufa okhaokha sizikudziwika kuti ndi chani. Mankhwala amenewa amasungunula maselo a lymphoma mwachangu koma sachiza, amangofufuta umboni. Zinatengera kudulanso kachiwiri, nkhope itatupanso, kuti dzina la matenda lipezeke. Ndiye ngati m'bale wanu wamwa mankhwala amenewa, nenani kwa dokotala, tsiku lomwe anayamba ndi kuchuluka kwake, tengani ndi kapepala ka mapilisiwo. Ndipo musayambe kumwa bayopsi isanachitike pokhapokha madokotala ataona kuti moyo uli pachiswe, monga munthu akupuma molira mluzu kukhosi kapena wayamba kusokonezeka mutu.

Musanalowe m'chifuwa, fufuzani kunja kaye

Iyi sindikuiwerenga ngati njira payokha koma imapulumutsa anthu ambiri ku fiyeta. Dokotala apapase bwino pamwamba pa fupa la m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mwanabere olimba akapezeka pakhosi, kumuchotsa ndi jakisoni wa dzanzi munthu ali chokhala ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kutsegula chifuwa, ngakhale pamatuluka magazi ambiri kuposa masiku onse chifukwa misempha ya m'khosi yadzadza. Ngati m'chifuwa muli madzi awapope akapimidwe, munthu amapezanso mpumulo. Magazi aonedwe pa maikulosikopu, kwa ana khansa ya m'magazi imatha kuonekera pomwepo kapena m'mafuta a m'mafupa. Makhololo apite ku GeneXpert, HIV iyezedwe. Kwa mnyamata wa chotupa cha kutsogolo ayezetse magazi kuona AFP ndi beta-hCG, zinthu zomwe zotupa zina za germ cell zimatulutsa, zikakwera kwambiri pena zimakwanira kuyambira kemo, ndipo musadabwe nesi akabwera ndi kachipangizo koyezera mimba kwa mwamuna, zina mwa zotupazi zimatulutsa homoni yomweija ya amayi oyembekezera.

Njira yoyamba: singano yodula, motsogozedwa ndi ultrasound kapena CT

Dokotala amaona chotupa pa sikirini, amabaya dzanzi pakati pa nthiti pafupi ndi fupa la pachifuwa, kenako amalowetsa singano yokhala ndi sipuling'i yomwe imalira kuti thwa ndi kutulutsa kanyama konga kanyongolotsi. Amabwereza kangapo. Musaisokoneze ndi singano yopyapyala ija yongoyamwa maselo, amati FNA, imeneyo pa lymphoma nthawi zambiri sikwanira. Funsani kuti ndi core, yomwe ndi yodulayi, kapena FNA.

Mtengo: ndi yotsika kuposa zonse. M'chipatala cha boma simulipira, koma singano zake pena zimatha ndiye mutha kuuzidwa kuti mudikire kapena mukagule. Ku prayiveti ya CT imadula kuposa ya ultrasound.

Kupezeka: makina a ultrasound afalikira ndithu, chosowa ndi munthu ozolowera kubaya m'chifuwa, ndiye nthawi zambiri ndi ku zipatala zazikulu, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu kapena Zomba. Ubwino wa ultrasound ndi oti munthu amatha kubayidwa atakhala pabedi lake lomwelo ku wodi, pomwe CT imafuna agone pa tebulo, chinthu chomwe odwala athuwa ambiri sangathe.

Chisamaliro: kapulasitala basi, kumuyang'anira maola angapo, mwina ekisile yoona ngati papo silinabooke.

Chiopsezo: mpweya kulowa m'chifuwa papo likabooka, pena mpaka kuika chubu. Kutaya magazi, poti pambali pa fupa la pachifuwa pamadutsa mtsempha ndipo pa odwala awa timisempha ta pakhoma timakhala totupa. Koma chiopsezo chachikulu ndi choti singano igwere pa nyama yofa ya pakati pa chotupa yankho osapezeka. Imagwira bwino pokhapokha chotupa chili chachikulu ndipo chagunda khoma la kutsogolo.

Njira yachiwiri: kudzera kukhosi, bronchoscopy ndi EBUS

Apa amalowetsa kachubu ka kamera m'mphuno kapena mkamwa mpaka m'njira za mpweya. Bronchoscopy wamba imathandiza chotupa chikakhala kuti chatulukira mkati mwa njirayo, monga zimakhalira ndi khansa ya m'mapapo, amangotsina pomwepo. EBUS ndi yomweyo koma kunsonga kuli ka ultrasound koona kuseri kwa khoma, ndiye amabaya singano kupyola khomalo kufika pa anabere a pambali pa kholingo. Inayamba kufala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo kumayiko olemera yalanda ntchito yambiri yomwe kale inkafuna mpeni.

Mtengo: bronchoscopy wamba ndi yapakatikati. EBUS ndi yodula, chipangizo chake ndi cha ndalama zambiri, singano iliyonse ndi ya munthu mmodzi, ndipo kwa ambiri a ife mtengo weniweni ndi ulendo.

Kupezeka: bronchoscopy wamba mutha kuipeza ku zipatala zina zazikulu. EBUS kwathu kuno ndi chinthu chosowa, anthu amakaipeza ku South Africa, ku India kapena kwa omwe ali ku UK. Ndipo ndinene mosabisa, munthu otupa nkhope yemwe akubanika si wodikira pasipoti ndi ndege ngati pali njira ina pafupi.

Chisamaliro: kukhala osadya maola 6 isanachitike, pambuyo pake kudikira dzanzi la kukhosi lithe musanamwe kanthu, kukhosi kumawawa tsiku limodzi kapena awiri, timagazi pang'ono m'makhololo. Palibe bala. Kumbali ya chipatala chipangizochi ndi chosakhalira kuonongeka ndipo chikaonongeka chimakakonzedwa kunja.

Chiopsezo: ambiri amangopatsidwa mankhwala oziziritsa thupi osati tulo tofa nato, ndi ubwino umenewo, koma kachubuko kamadutsa mu njira yomwe yachepa kale komanso yotupa, ndiye kukhosomola ndi magazi pang'ono zitha kumubanikitsa. Pa khansa ya m'mapapo ndi TB imachita bwino kwambiri. Pa lymphoma yongoyamba kumene kufufuzidwa imaperewera kawirikawiri poti kanyama kake ndi kakang'ono zedi.

Njira yachitatu: mediastinoscopy, kucheka pansi pa khosi

Anaiyambitsa ndi Eric Carlens ku Stockholm mu 1959. Amacheka pang'ono, masentimita ngati 3, pa kadzenje kaja ka pansi pa khosi, amatsegula njira ndi chala kutsogolo kwa kholingo kenako amalowetsa chubu chachitsulo chokhala ndi getsi, masiku ano zambiri zili ndi kamera, ndi kutsina nyama ya pambali pa kholingo. Kumanja kwa kholingo ndi komwe kuli anabere omwe amafinya mtsempha uja kawirikawiri, ndiye njirayi imafika pamalo enieni ndipo nyama imatuluka yokwanira.

Mtengo: ndi opaleshoni yeniyeni, fiyeta, ogonetsa, magazi osungira, bedi. Ku prayiveti ndi ndalama zambiri.

Kupezeka: imafuna chipangizo chake komanso dokotala wa opaleshoni za m'chifuwa, ndipo amenewa kwathu kuno ndi owerengeka.

Chisamaliro: kabala kakang'ono, ambiri amatuluka mawa lake ngati matenda enieniwo akulola, agone mutu uli mmwamba.

Chiopsezo: apa ndiimepo pang'ono. Kale madokotala ankati munthu otsekeka mtsempha umenewu asamachitidwe mediastinoscopy poopa magazi, poti chipangizo chimadutsa pakati pa misempha yodzadza. Pambuyo pake zinaoneka kuti m'manja mwa ozolowera imatheka ndipo imapereka yankho pafupifupi nthawi zonse. Koma mawu oti ozolowera ndi ofunika, mtsempha waukulu ukang'ambika pamafunika kutsegula fupa la pachifuwa nthawi yomweyo, ndiye chipatala chikhale chokonzeka kutero, magazi ali pafupi, dilipu ili kumwendo osati kumkono chifukwa ya kumkono madzi ake amakaima pa mtsempha otsekeka uja. Palinso kusasa mawu minyewa ya kholingo ikakhudzidwa, nthawi zambiri kumatha koma pena kumakhalitsa. Ndipo vuto lalikulu, imafuna tulo tofa nato munthu atagona chagada khosi atalipindira kumbuyo. Kwa yemwe sangagone chagada njira iyi ine sindiivomera. Komanso sifika pa chotupa chomwe chili kutsogolo kwenikweni kuseri kwa fupa.

Njira yachinayi: Chamberlain, kucheka pambali pa fupa la pachifuwa

Dzina lake lina ndi anterior mediastinotomy, McNeill ndi Chamberlain anailemba mu 1966. Amacheka mopingasa masentimita ochepa pa nthiti yachiwiri kapena yachitatu, pomwe yalumikizana ndi fupa la pachifuwa, pena amachotsa kachichereche ka nthitiyo pena amangodutsa pakati, ndipo chotupa cha kutsogolo amachipeza pomwepo, kuchiona ndi maso, kudula chidutswa chonga nsonga ya chala.

Iyi ndiye ndimaikonda pa malo ngati athu ano, ndipo chifukwa chake ndinachiona ndi maso. Mtsikana wina wa sekondale, nkhope ili ndendende, sankatha kugona olo pang'ono. Tinakweza tebulo akhale chotsamira, okosijeni pamphuno, dilipu kuphazi, dokotala anabaya dzanzi pang'onopang'ono mulingo ndi mulingo, ine ntchito yanga inali kumugwira dzanja ndi kumuyankhulitsa, ndinkamufunsa za kusukulu kwawo iye akuyankha mawu amodziamodzi. Anamva kukoka ndi kukanikiza, misozi inatuluka, koma anapuma yekha mpaka pomaliza ndipo chidutswa chinatuluka chabwino.

Mtengo: yotsikirapo kuposa mediastinoscopy ndi VATS, njira yachisanu ikubwerayi, poti zida zake ndi za opaleshoni wamba.

Kupezeka: dokotala wa opaleshoni yemwe wazolowera chifuwa atha kuichita popanda makina apadera, ndiye ku zipatala zazikulu ndi yothekera kuposa zinzake za mpeni.

Chisamaliro: bala limawawa kuposa la pakhosi, pokhosomola ndi potembenuka, masabata angapo. Kutsuka bala, kuchotsa ulusi, pena kachubu kotulutsa mpweya tsiku limodzi kapena awiri. Bala likhale loyera kwambiri chifukwa kemo akubwera posachedwa ndipo amachedwetsa kupola.

Chiopsezo: kubooka kwa chikuta cha papo, kudula mtsempha wa pambali pa fupa, bala kuchita mafinya, chipsera choonekera pachifuwa chomwe kwa atsikana si nkhani yaing'ono. Mwana wamng'ono sangapirire dzanzi lokha, pamafunika ogonetsa odziwa kupereka mankhwala ngati ketamine pang'onopang'ono mwana akupuma yekha. Pa thymoma yomwe ikuoneka kuti itha kuchotsedwa yonse madokotala sakonda kuiboola poopa kumwaza maselo, koma ikafika potseka mtsempha nthawi zambiri imakhala yalowerera kale ndiye kanyama kamafunikabe.

Njira yachisanu: VATS, kamera kudzera m'nthiti

Mabowo awiri kapena atatu m'mbali mwa chifuwa, ena amachita ndi limodzi, kamera mkati, dokotala akuona pa sikirini. Inafala m'zaka za m'ma 1990.

Mtengo: yodula kuposa zonse zomwe tatchula za mpeni.

Kupezeka: malo ochepa kwambiri, imafuna makina a kamera, chubu chapadera cha kukhosi ndi timu yozolowera.

Chisamaliro: chubu cha m'chifuwa cholumikiza ku botolo la madzi masiku angapo, botolo likhale pansi nthawi zonse ndipo gadiyani asalinyamule mmwamba kapena kulikhuthula yekha. Kupuma mozama, kuyenda msanga, mankhwala a ululu.

Chiopsezo: munthu amagonetsedwa tulo tofa nato, chammbali, papo limodzi amaliphwetsa dala kuti aone bwino, ndiye akupumira limodzi. Kwa obanika kale ndi katundu olemera. Ubwino wake dokotala amaona mbali yonse, amadula nyama yambiri malo osiyanasiyana, ndipo ngati muli madzi m'chifuwa kapena ozungulira mtima amathana nawo ulendo omwewo. Kutsegula chifuwa chonse pongofuna kanyama kokha ndi chinthu chomalizira zina zonse zikakanika.

Botolo la kanyama

Njira iliyonse mungasankhe, ntchito yonse itha kufera m'botolo. Ndinaonapo kanyama kodulidwa movutikira kataikidwa m'madzi a dilipu chifukwa formalin, mankhwala osungira nyama kuti isaole, anatha, kanayenda masiku, pofika ku labu kanali kataola. Kanyama kopita kokaona khansa kalowe mu formalin nthawi yomweyo, wambiri omiza bwinobwino, dzina ndi tsiku zilembedwe pa botolo. Koma kachidutswa kena kapite padera kopanda formalin kokayeza TB, poti formalin amapha tizilombo ndipo sitingamerenso ku labu. Funsani kuti kakupita labu iti, zotsatira mudzazitenga kuti ndipo liti, siyani nambala ya foni yomwe imagwira. Ku Lilongwe labu ya ku Kamuzu Central yomwe inayamba mu 2011 mothandizana ndi UNC Project imapima mitundu ya lymphoma, ku Blantyre nako kuli madokotala opima nyama, ndiye pemphani kuti kanyama kapite komwe angathe kunena mtundu weniweni osangoti khansa. Podikira zotsatira wodwala agone mutu uli mmwamba, asawerame, ndipo jakisoni ndi dilipu zipewe mikono yotupayo.

Ndiye nditenge iti?

Ngati pakhosi kapena m'khwapa pali mwanabere olimba, kapena m'chifuwa muli madzi, yambirani pamenepo, musalole kulowa m'chifuwa izi zisanayesedwe.

Ngati munthu sangagone chagada ndipo chotupa ndi chachikulu cha kutsogolo, singano yodula ya ultrasound ali chokhala ndiye poyambira, adule tizidutswa tingapo. Ikabwera opanda yankho musabwereze singano kachitatu kachinayi masabata akupita, pitani pa Chamberlain ya dzanzi. Ndipo ngati ndi wachinyamata yemwe madokotala akuganizira kwambiri Hodgkin, zotsatira kwanuko zimatenga masabata, ine ndingapemphe Chamberlain poyamba pomwe kuti ulendo ukhale umodzi.

Ngati ndi bambo kapena mayi wamkulu osuta fodya, akukhosomola magazi, chotupa chili mkati pafupi ndi njira za mpweya chakumanja, bronchoscopy ndiye yoyenera, EBUS ngati muli komwe ikupezeka. Zikakanika ndipo munthuyo amagona chagada bwinobwino, CT ikuonetsa kholingo lotseguka, mediastinoscopy kwa dokotala ozolowera.

VATS isiyireni yemwe akupuma bwino, chotupa chili malo osafikika ndi njira zinazi, kapena pali madzi ozungulira mtima ofunika kutsegulira.

Mwana aliyense wa chotupa chotere apite ku chipatala chachikulu komwe kuli wodi ya khansa ya ana, magazi, madzi a m'chifuwa ndi mafuta a m'mafupa ziyezedwe kaye, ndipo asapatsidwe mankhwala ogonetsa olo pojambula CT popanda ogonetsa wamkulu pafupi.

Yemwe ali pa mankhwala a TB mwezi wachiwiri osasintha, makhololo sanaonetse TB, nkhope yayamba kutupa, ameneyo akufunika CT ndi kanyama sabata yomweyo, osati kuonjezera miyezi ya mapilisi.

Koma ngati akupuma molira mluzu, mawu asasa mwadzidzidzi, akusinza kapena kuyankhula zosamveka, apa kupulumutsa moyo kumatsogola. Komwe kuli madokotala oika stent, kachubu ka waya kotsegula mtsempha kuchokera mkati, kutupa kumaphwa pa tsiku limodzi mpaka masiku atatu ndipo sikaononga zotsatira za bayopsi. Komwe kulibe, madokotala atha kukakamizika kupereka dexamethasone, ndiye pemphani kuti magazi atengedwe asanabaye ndipo kanyama kadulidwe tsiku lomwelo kapena mawa lake, mankhwala asanasungunule chotupacho.